Ba Reuben ndi Nsapato Zokana Kutsika

Pa Chinyunyu, mukangopitirira pamene azimayi amayala nthochi ndi masuku m'mbali mwa msewu, pali mkuyu umene umabereka matayala. Matayala akutha, machubu a zigamba kuposa buluku la m'busa wa mbuzi, matcheni a dzimbiri, zonse zili lende m'nthambi. Pansi pakepo ndiye pa ofesi ya Ba Reuben. Musalakwitse n'kunena kuti amakonza njinga, mudzayambana nawo. Iwo amati ndi alangizi a maulendo. Anthu pamaso pawo amati Ba Reuben wa njinga. Akatembenuka amati Ba Ndidziwa.

Anabadwira kufupi ndi Mpanshya, koma osati m'chipatala. Tsikulo amayi awo anali pa keliyala, atate awo akupalasa ndi mtima wonse kuthamangira ku mishoni. Mwana anatopa nawo mabampu, nangotulukira panjira pomwepo, pansi pa msuku. Azimayi amene anathandiza amalumbira kuti khandalo silinayang'ane amake. Linayang'ana gudumu lakutsogolo, limene linali likuzungulirabe njinga itagwa. Kuyambira pamenepo mutu wa Ba Reuben sunaleke kuzungulira.

Sukulu anaisiya msanga, ati benchi yosayenda imawawitsa msana. Anayamba kunyamula malasha kupita nawo ku Chongwe, matumba osanjikiza mpaka munthu osaoneka, ngati chulu chikuyenda chokha pa tala. Ananyamula chimanga, mbuzi, malata, odwala, ndipo kamodzi bokosi la maliro limene mwini wake anali asanafe, anangolipangitsa kuti aone ngati akwanamo. Bondo litayamba kulira ngati chitseko cha chimbudzi, anakhazikika pansi pa mkuyu ndi sipanala, pampu ndi beseni loyeseramo machubu.

Apo ndi pamene azungu anawaonongeratu. Mukuwadziwa azungu aja a njinga, ofiira ngati nyama yowamba, amene ndalama za ndege ali nazo koma amasankha kuvutika. Ena amatsika kuchokera ku Chipata, ena amachokera ku Lusaka, onse amaima pa Chinyunyu kuti aviike miyendo m'madzi otentha aja otumphuka pansi. Ba Reuben amawalandira ndi Chingelezi chobooka-booka, nawalangiza za ulendo, ngakhale munthu wapalasa kuchokera ku Iguputo. Mzungu akatopa kugwedeza mutu amasiya kanthu kuti apulumuke. Wina chisoti chong'aluka, wina botolo la madzi, wina zikwama zija zolendewera m'mbali mwa gudumu. Pang'ono ndi pang'ono njinga ya Ba Reuben inasanduka ya chizungu kuyambira ku belu mpaka kumchira. Keliyala yachitsulo imene inanyamula mbuzi zaka zonsezo anaimasula, ati njolemera. M'malo mwake anaikapo kawaya kowonda kongokolekapo zikwama.

Chowawa n'chakuti malangizo awo ambiri ndi oona. Munthu wongobwera kudzapopa tayala amachoka ndi ulaliki wathunthu.

"Imani apo, mudala. Chishalo ichi anakuikirani ndani, mdani wanu? Mawondo akufika m'makutu ngati chule. Kwerani. Ikani chidendene pa pedulo, mulitsitse pansi. Mwendo uwongoke. Ukapindika ndiye kuti chishalo chatsika, mudzafika ku Rufunsa mawondo atapsa. Mukamagwedeza matako uku ndi uku ngati namwali pabwalo, ndiye kuti chakwera kwambiri. Ndipo chigone bwino, mphuno yake isaloze kumwamba, pokhapokha ngati ana amene munabala akukwanirani."

"Ba Reuben, ine nifuna mphepo chabe."

"Mphepo ili paliponse, nzeru ndiye mukusowa. Katundu wolemera pansi, wopepuka pamwamba, kumanja ndi kumanzere kulingane. Mangani ndi malegeni okwanira, odula ku machubu akutha, osati luzi. Musachoke pakhomo opanda chubu china, zigamba, sulushoni, pampu ndi sipanala. Madzi imwani ludzu lisanabwere. Idyani njala isanafike, kandolo wophika ndi nshawa, osati mabanzi a dzana. Nyamukani atambala akali kukangana, dzuwa likafika paliwombo gonani pamthunzi. Mukamva thiraki kumbuyo, tsikani pa tala. Kumanda kwadzaza anthu amene ankati msewu ndi wa tonse."

Koma lamulo lawo lalikulu, limene amalinena atatukula sipanala ngati wansembe watukula chikho, ndi ili: "Chinthu chatsopano sachiyesera pa ulendo. Kaya nsapato, kaya chishalo, kaya kabudula wam'kati. Yambani mwayesa pakhomo."

Imvi zinawapeza ali nkhungulume. Akazi a pa Chinyunyu ankati kukwatiwa ndi Ba Reuben ndi kulowa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi njinga. Koma kunabwera Mwaka, mkazi wa ku Shikabeta, wamfupi, wa pakamwa pachangu, amene anadzakhala kwa msuweni wake nyengo ya masuku. Tsiku lina anabwera akukankha njinga yobwereka itaduka tcheni. Ba Reuben anayamba ulaliki wa chishalo. Mwaka anawadula pakati.

"Imwe, lumikizani tcheni. Za matako anga zisiyeni."

Chibadwire panalibe munthu anawayankhapo choncho. Sipanala inagwa, mtima unagwa nawo.

Ukwati unachitika. Koma amake Mwaka, Ba Estina, mayi wamasiye wouma ngati nkhuni ya tsanya, anati mwambo ndi mwambo. Mkamwini ayambe wakhala kwa mkazi, alime, timuone manja ake. Ba Reuben anapita ku Shikabeta. Analima mizere yokhota ngati njoka yameza chule. Anatumizanso mawu kwa apongozi, kudzera mwa anthu, akuti mpini wa khasu lawo ngwaufupi, sulingana ndi msinkhu wawo. Mayi amene analera ana onse ndi khasu limenelo. Mvula isanathe Ba Reuben anazimiririka, ati apita kukatenga sipanala. Sipanalayo anaitenga mpaka anthu anakolola. Mwaka anatsala kwa amake ali ndi pakati, nabereka mwana wamwamuna, Daliso, amene atate ake anangomuonera pa foni ya munthu.

Kenaka uthenga unabwera pakamwa pa Ba Oswell, ankhoswe awo, mnzawo wa paubwana, amene amayenda m'midzi kugula mbuzi.

"Apongozi ako akuti mvula yoyamba isanagwe ubwere wekha, udzapemphe mkazi mwaulemu monga achitira anthu. Akakhutira, Mwaka ndi mwana utenga. Akapanda kukhutira, kapena mvula ikakupeza kuno, ukwati watha. Ndipo usaganize kuti akuseka. Kuli mphunzitsi wina wamasiye amene wayamba kale kuwagulira mchere."

Sabata imeneyo Ba Reuben sanalangize munthu. Anthu anapopa matayala mwamtendere, ena mpaka anabwereranso kudzapopa kawiri. Pakuti pansi pa phokoso lonselo, mtima wawo unali pa Mwaka ndithu, ndipo mwana wa pa foniyo anali ndi makutu awo enieni, otambasuka ngati mahandulo.

Mitambo itayamba kuyendera masana, mdierekezi anatuma mzungu wandevu. Ameneyu ulendo unali utamukwana, ankati akafika ku Lusaka akwera ndege. Anawasiyira Ba Reuben kabudula wakuda wothina, wa thonje kumatako, nsapato, ndi timapedulo tating'ono ngati supuni. Nsapatozo zinali ndi kachitsulo kunsi. Ukaponda pedulo kamaluma, kha! Phazi ndi njinga n'kukhala thupi limodzi, ngati ukwati wa m'tchalitchi. Mzunguyo, mwachilungamo, anaonetsa mmene amamasulira. Anaonetsa kawiri. Koma nthawi imeneyo Ba Reuben anali atayang'ana kum'mawa, mkono m'mwamba, akumufotokozera kuopsa kwa mapiri a Manenekela, amene mzunguyo anali atangowakwera dzulo lake.

Ba Oswell atawapeza akumanga timapeduloto, anaima nagwira m'chiuno.

"Reuben, si iwe umati chatsopano sachiyesera pa ulendo?"

"Lamulo limenelo ndi la anthu wamba. Nifuna apongozi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi wa malasha."

"Ndipo kabudulayo? Ukaonekera naye kwa Ba Estina?"

"Uyu ndi wa panjira, amateteza nyama kuti isanyuke. Buluku ndi jekete unyamule iwe. Ndikavalira pa kamtsinje kaja tisanalowe m'mudzi."

Ananyamuka m'bandakucha. Ba Oswell anali pa njinga yawo yakale yakuda, yolemera ngati ngolo, mapatapata kuphazi, buluku la mnzawo atalimanga pa keliyala. Ba Reuben anali patsogolo, chisoti kumutu, kabudula akulengeza zonse zimene munthu amabisa. M'chikwama cha kumanzere munali tambala woyera wa apongozi, mutu uli panja ngati bwana pa windo la minibasi. Kumanja shuga ndi mchere, kuti kulemera kulingane, komanso kuti mphunzitsi uja adziwe kuti mchere sagula yekha.

Pa tala zinthu zinayenda. Nsapato zinaluma, njinga inauluka. Pa zitunda Ba Reuben ankakoka pedulo ndi kuponda nthawi imodzi, Ba Oswell akutsalira m'mbuyo, akutukwana ndi mpweya umene unawatsalira. Mavuto anayamba pa Rufunsa, pamene Ba Oswell anaima pa kantemba kuti amwe munkoyo. Ba Reuben anadutsa. Anatembenuka, nadutsanso.

"Ima, iwe!"

"Ndikuziziritsa miyendo!"

Atabweranso anakumbatira mzati wa khonde la golosale ngati m'bale wochokera ku migodi. Anakoka phazi m'mwamba, linakana. Anakankhira kutsogolo, linakana. Tambala analira. Amayi ogulitsa munkoyo anasiya kutunga kuti aonerere bwino. Potsiriza Ba Oswell anagwada, namasula zingwe, nasolola mapazi a mnzawo limodzi limodzi. Nsapato zinatsala pa mapedulo, ngati za munthu amene wakwatulidwa kupita kumwamba.

"Chotsa vinthu ivi. Mapedulo akale uli nawo?"

"Ndinasiya. Ngolemera."

"Mutu wako ndiye wopepuka maningi."

Ba Reuben anayamba kumwa munkoyo. Koma kapu isanathe anali atapeza kale phunziro, naliuza gulu limene linasonkhana: "Woyenda ulendo wautali aziima pamene pali mtengo." Ndipo anachitadi zimenezo. Kuyambira pa Rufunsa anakumbatira mitengo yambiri kuposa nyani. Akagwira mtengo ndi dzanja limodzi, linalo limamasula chingwe, phazi n'kutuluka.

Dzuwa lisanalowe anapempha malo pa sukulu ina, pakuti mlendo amapempha pogona nkhope yake ikali kuoneka. Anagona pakhonde. M'mawa anasiya tala, nalowa msewu wafumbi wolowera ku Shikabeta. Kumeneko kulibe za chizungu. Kuli miyala, zitunda, ndi mchenga umene umagwira gudumu ngati mwana wolirira amake. Ba Reuben anatulutsako mphepo pang'ono m'matayala kuti asamire, ndipo apa anachita bwino, tisawanamizire. Koma anaiwala zimene amauza anzawo, kuti ntchentche za kashembe zimakonda chovala chakuda. Zinabwera ndi abale awo omwe. Kabudula wothina sizinamuone ngati chovala, zinamuona ngati mbale. Ba Reuben ankapalasa ndi dzanja limodzi, linalo likudziomba kumbuyo ngati akudzithamangitsa okha.

Mudzi uli pafupi, munga unalasa tayala la Ba Oswell.

"Pita, ukandidikire pa kamtsinje. Pali mitengo yokumbatira. Osapitirira, wamva? Buluku lili ndi ine."

Ba Reuben anapita. Anatsika chitunda cha mchenga chimene sungachikwerenso uli pa njinga, natulukira m'munda. Apo ndi pamene anakumbuka kuti usanafike pa kamtsinje umayamba wadutsa m'munda wa Ba Estina. Mundawo unali mbee, wopanda ndi mtengo umodzi womwe. Mitengoyo anaigwetsa ndi iwo eni, chaka cha ukamwini, pofuna kuonetsa mphamvu. Kumalire a munda kunadutsa chigwembe chokumbidwa ndi madzi, ndipo powolokera panali pamodzi pokha, pa kanjira. Tsidya lake panali mtengo wa mango. Pa kanjirapo, khasu lalifupi lija paphewa, panaima Ba Estina.

Mwambo wa kumeneko ngosavuta. Mkamwini akaona apongozi panjira amatsika njinga akali patali. Amapatuka, nanjuta, maso pansi, manja akuomba. Salankhulana maso ndi maso, mawu amadzera mwa munthu wina. Koma kuwadutsa uli pa chishalo, matako ako ali pamwamba pa duku lawo, chimenecho ndi chipongwe chimene ngakhale mbuzi yopepesera siingachifafanize.

Ba Reuben anakoka phazi. Linakana. Anapatukira m'munda, nayamba kuzungulira pamaso pa apongozi, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Mwachoma bwanji, amayi!" anauza mapesi a chimanga.

Anazungulira, nabweranso.

"Kunyumba kuli bwanji, amayi!"

Ba Estina anatsitsa khasu. Anatulutsa kabotolo ka fodya, nanunkhiza mphuno iyi ndi iyo, osafulumira. Anayang'ana uku ndi uku kufuna munthu wodutsiramo mawu. Panalibe. Ndiye anaona mutu woyera uli panja pa chikwama.

"Iwe tambala," anatero, "uwafunse amene akunyamulawo. Aona nyama yakufa? Akuzungulira ngati muimba bwanji? Uwauze sindinafe."

"Oswell!" Ba Reuben anakuwa kuloza kuchitunda. "Oswell, fulumira!"

Amene anabwera sanali Ba Oswell. Anali azimayi a minda yoyandikana, amene anataya makasu atamva kukuwa. Ataona kabudula, wina anaphimba maso ndi zala zotambasula. Wina anaimba nthungululu. Pakati pawo panali Mwaka, mwana kumsana.

"Atate ake Daliso! Tsikani!"

"Sizitheka!"

"Nanga munakwera bwanji?"

"Kukwera kunalibe vuto! Nsapato zaluma njinga! Nifuna mtengo!"

Mwaka anayang'ana mango tsidya lija, nayang'ana amake, nayang'ana mwamuna wake amene thukuta linali litawalowa m'maso, bondo lija likulira mpaka kumveka kwa anthu.

"Amayi, patukani pang'ono adutse, akagwire mtengo uwo. Adzafa aba."

Ba Estina anangosuntha phazi limodzi, kenaka linalo, naima m'mbali mwa kanjira. Njira inatseguka. Koma maso awo anali pa mkamwini, ngati munthu amene watchera msampha wa mbewa nakhala pansi kudikira.

Ba Reuben anaongola njinga. Mango anali apo, mthunzi wake ukuitana. Anayandikira. Anaona duku la apongozi likubwera kunsi kwa chigongono chawo. Anaona imvi zotulukira m'mbali mwa dukulo. Ndiye anafinya mabuleki onse awiri.

Njinga inaima. Inakhala chiimire kamphindi, ngati ikuganiza mbali yogwera. Kenaka inagona kumanzere, pang'onopang'ono, ndi mwini wake yemwe. Fumbi linakwera. Tambala anafwamphuka m'chikwama, koma Ba Estina anamugwira miyendo asanatere. Ndipo Ba Reuben, ali chigonere cham'mbali, tsaya m'dothi, mapazi akali pa mapedulo, gudumu lili m'mwamba, anatulutsa manja nayamba kuomba. Phu, phu, phu.

Azimayi anagwa nazo nseko, wina mpaka anakhala pa mzere. Ba Estina sanaseke. Anamasula chitenje chapamwamba, nachiponya pa chiuno cha mkamwini, nkhope atatembenuza.

"Tambala, uwauze afunde. Zimene ndaonazi ndi za mwana wanga, si zanga."

Mwaka anagwada kumapazi a mwamuna wake akung'ung'udza. "Chaka chathunthu kutenga sipanala. Manje mwabwera maliseche." Chingwe chinali chitamangika mfundo. Mwaukali anagwira chidendene nachipotozera kunja. Kha! Nsapato inamasuka. Anayang'ana. Anagwira chinacho, napotoza. Kha!

"Basi? Kupotoza chabe?"

"Ndinali kudziwa," anatero Ba Reuben pansi pa chitenje. "Kungoti pa mchenga..."

"Khalani chete, atate ake Daliso. Lero lokha."

Ba Oswell anafika akukankha njinga, napeza ntchito yonse itatha. Anangopereka buluku.

Nkhani inakambidwa pakhomo, pamthunzi wa nkhokwe. Ba Reuben anakhala pansi, jekete atavala, atayang'ana khola la nkhuku. Ba Estina anali pa mphasa, tambala atam'manga miyendo pambali pawo. Ba Oswell anakhala pakati, nayamba mawu aatali aja a ankhoswe, akuti tabwera ndi manja awiri, akuti mwana akalakwa sataya. Ba Estina anawadula.

"Ba Oswell, zimenezo sungani, mukanene pa ukwati wina. Afunseni ichi. Mtengo unali apo. Ine ndinapatuka. Analekeranji kudutsa?"

Ba Oswell anaweramira kwa mnzawo. Ba Reuben ananong'ona. Aka kanali koyamba kuti anthu awamve akunena chinthu chachifupi.

"Akuti sakanatha kukudutsani ali pamwamba."

Ba Estina ananunkhizanso fodya. "Hm. Kugwa ndachita nako chidwi, anagwa bwino. Nzeru zinatsala ku Chinyunyu, koma ulemu anabwera nawo. Ndimayesa alibe. Munthu wotuma mawu okonza khasu langa."

Mtima wa Ba Reuben unayamba kukwera chitunda. Koma mayiyo anadzuka, natenga ndodo, napita pamene njinga ya chizungu inatsamira nkhokwe. Anaizungulira. Anagogoda botolo. Anasuzumira m'chikwama. Kenaka anabaya kawaya kowonda ka kumbuyo, kanapindika.

"Ba Oswell, mwati abwera kudzatenga mkazi ndi mwana?"

"Ee, amayi."

"Akhala pati? M'chikwama, mutu panja, ngati tambala?"

Mayiyo anabayanso kawaya kaja.

"Iyi ndi njinga ya munthu woyenda yekha. Anaikonza yekha, kuti azikwera yekha. Woyenda yekha abwerere yekha. Mwana wanga sadzathamanga pambuyo pa njinga ndi mwana kumsana."

Kumpoto kunagunda, kutali, koma aliyense anamva. Mwaka anali pakhomo la khitchini, akugwedeza Daliso, osayang'ana munthu. Ba Reuben anayang'ana njinga yawo. Kenaka anayang'ana ya Ba Oswell, yakuda, yonyansa, yonunkha mbuzi, ya keliyala yotakata ngati chitseko.

"Oswell," ananong'ona, "ndibwereke yako."

"Kubwereka?" Ba Oswell sananong'one, anafuna mudzi wonse umve. "Apongozi afunsa za ukwati, si za ulendo umodzi. Mkazi adzafuna kuchigayo. Adzafuna kusikelo ndi mwana. Adzafuna kubwera kudzaona amake. Uzidzandigogodera tsiku lililonse? Tisinthane."

"Iwe ndiwe nkhoswe kapena fisi?"

"Ndine wa mbuzi. Tisinthane."

"Zikwama ndichotse."

"Ndi zikwama zomwe. Ana a mbuzi akwana bwino m'menemo, awiri uku, awiri uku. Kulemera kulingane, si umatero?"

"Chisoti?"

"Nkhuku yanga ilibe poikira."

Chilichonse pa njingayo chinali ndi mbiri yake, ndipo mbiri iliyonse anali ataiuza anthu mpaka kuwatopetsa. Botolo la mzimayi wa ku Jeremani. Kagalasi koonera kumbuyo ka mnyamata amene analira pa Manenekela. Popanda zimenezo akanakhala ndani pansi pa mtengo uja? Wokonza njinga basi, ngati wina aliyense. Anatembenuka pang'ono. Daliso anali atatulutsa mutu pa phewa la amake, makutu aja ali tambasu, akuwayang'ana ngati akudikira malangizo.

"Tenga," anatero.

"Sindinamve."

"Tenga, iwe satana!"

Ba Estina anayenda mpaka pa njinga yakuda. Anakanikiza keliyala ndi dzanja, kenaka ndi chigongono. Anaigwedeza. Siinasunthe. Anabwerera pa mphasa, nakhala, nayala chitenje bwinobwino pa mawondo.

"Mwaka, kamange mapoto ako. Wandithera chimanga. Ba Oswell, auzeni kuti tambala ndalandira, ngakhale ngwowonda. Kabudula uja asadzabwere nayenso kuno, kaya atavala kaya ali m'thumba. Ndipo mitengo ya m'munda mwanga adzabzale ina."

Mphunzitsi wamasiye uja akuti anamva nkhaniyi madzulo omwewo, ali ndi paketi ya mchere m'manja. Anabwerera nayo.

M'mawa mwake ananyamuka kumwamba kuli bii. Ba Reuben anakweza chishalo cha njinga yakuda, nayesa ndi chidendene, pakuti munthu sasiya zonse tsiku limodzi. Mapoto anamanga kutsogolo, mtolo wa zovala pa mtanda wa njinga, chitenje chopinda pa keliyala. Kuphazi anavala mapatapata a Ba Oswell, amene anawapereka mwa chifundo. Anakankha njinga mpaka nyumba ya apongozi itabisika, nawoloka chigwembe chija wapansi. Kumbuyo Ba Oswell ankabwera opanda nsapato, akukankha chuma chawo chatsopano, nsapato za mzungu zikulendewera pa mapedulo. Anati akwera akafika pa tala, ndipo pokhapokha pali mitengo.

Pamwamba pa chitunda Mwaka anakhala pa keliyala cham'mbali, mwana kumsana, dzanja limodzi atagwira jekete la mwamuna wake. Ba Reuben anaponda pedulo, njinga inabuula, nayamba kuyenda.

"Amake Daliso, mukhale pakati penipeni, kulemera kulingane. Miyendo kutali ndi masipoko. Chitenje chisalendewere ku tcheni. Ndikapendekera kumanja, inunso..."

"Atate ake Daliso."

"Ee?"

"Ndakwera keliyala musanamere imvi. Palasani, mvula iyo."

Dontho loyamba linagwa pa khutu la Ba Reuben. Anaweramira pa mahandulo, napalasa.